Ndine Ndinaiyambira Pamwamba

Ine mpira ndinaudziwira ku ukalamba, ee, ku ukalamba kwenikweni, mano atayamba kale kutsanzikana. Ndinaudziwira pa mpando wofewa m'nyumba ya mwana wanga wamkazi ku Lanham, kutsidya kwa nyanja kuno, ine kumapeto kuno, apongozi anga kumapeto uko, pakati pathu mapilo atatu ngati malire a munda. Kwathu mkamwini akakuona ukubwera amapatuka n'kulowa m'chimanga, moni mumapatsana mutafulatirana. Nanga kuno chimanga chake chili kuti? Nyumba ndi ya m'mwamba, zipinda n'zochepa, wailesi ya kanema ndi imodzi. Ndiye tinapangana popanda mawu: iwo aziyang'ana kanema, ine ndiziyang'ana kanema, maso athu azikakumana komweko.

Apongozi angawo ndi namwino. Ntchito amagwira usiku, ndiye mpira wawo amausunga m'kanemamo n'kumauonera m'mawa akaweruka, maso ali psuu, kapu ya tiyi ili m'manja. Nthawi imeneyo mwana wanga wapita kale kukasamalira nkhalamba za eni dziko. Adzukulu, aja ndikawafunsa m'Chichewa amandiyankha m'Chizungu, ali kusukulu. M'nyumba timatsala awiri, ine ndi mkamwini, ndi anyamata khumi ataliatali akuthamangitsana m'galasi.

Tsiku loyamba ndinaseka mpaka kutsokomola.

"Apongozi, kodi si ntchemberembaye iyi? Amuna a ndevu zawo?"

"Ayi amayi, uwu ndi basiketibolo."

"Mtengo ndi womwewo, dengu ndi lomwelo. Ife tinkasewera opanda nsapato, ndipo mpira sitinkauombetsa pansi ngati tikupha njoka."

Anasekera kumbali, mwaulemu, tiyi n'kutayikira pa yunifolomu.

Timu yawo sindiitchula dzina, anyamatawo ali ndi amayi awo. Koma inkaluza, abale inu, inkaluza! Kuluza Lolemba, kuluza Lachitatu, Loweruka n'kupumulako pang'ono, kenako kuluzanso ndi mphamvu zatsopano. Apongozi anga, munthu wophunzira, wodziwa kubaya jakisoni popanda kuliritsa mwana, ankagwira mutu ndi manja awiri n'kumabuula ngati ng'ombe yomwe yaona mpeni. Mawa lake abwereranso pampando pomwepo ndi chikhulupiriro chatsopano. Ndinati mwana wanga anakwatiwa bwino, munthu wopirira timu yotere sangathawe banja.

Koma chomwe chinandigwira mtima si mpirawo ayi. Ndi zomwe zimachitika mpira ukatha. Amatenga mnyamata mmodzi, thukuta lisanaume, thaulo lili m'khosi, n'kumukhazika patebulo. Patsogolo pake botolo la madzi ndi chokuzira mawu, kumaso kwake atolankhani ali ndandanda ngati akhwangwala pa mphale yoyanika. Ine ndinati basi, bwalo la milandu ili.

Panali mmodzi wamtali kuposa onse, nkhope ya mwana, miyendo ngati nsungwi za kudambo. Tsiku lina analuza, koma iye ndi amene anagoletsa kwambiri, ndinaona ndi maso anga awa. Anakhala pansi, anakanda mutu, anadzigunda pachifuwa kawiri, n'kunena timawu tiwiri titatu.

"Akuti chiyani?"

"Akuti ndine ndalakwitsa. Mlandu wonse ndi wanga."

"Iyeyo? Si uyu amati akaponya n'kumalowa uyu? Nanga kamfupi kaja kanataya mpira katatu kali kuti? Nanga woyimbira uja, amene wezulo yake imangolirira mbali imodzi?"

"Akuti iye ndiye mtsogoleri. Anayenera kuwadzutsa anzake, sanawadzutse."

"Amumenya kuseri?"

"Ayi, amayi."

"Amuopseza kuti alipa mbuzi?"

"Ayi. Wangonena yekha."

"Yekha? Osamukoka lilime?"

Ndinagwira pakamwa. Ine ndakula, ndaona zambiri. Njala ndaiona, madzi osefukira ndawaona, ndege ndaionera m'kati mwake. Koma mwamuna wovomera mlandu asanamufunse n'komwe, ameneyo ndinadzamuonera ku Lanham.

Kwathu timu ya mpira siluza ayi, imaberedwa. Woyimbira anadya kwa eni bwalo, pagolo anakwirirapo mankhwala, mphepo inatembenuka itaona ife. Malemu amuna anga anasewera bawo pansi pa mtengo wa mango mpaka tsitsi kuyera, ndipo sanagonjepo ngakhale tsiku limodzi. Linali dzuwa limene linkawathobwa m'maso, kapena mnzawoyo anali ndi chala chachisanu ndi chimodzi chobera. Akandilakwira ine, mawu oti pepani sankatuluka. Ankangobwera madzulo ndi kapaketi ka shuga, n'kukaika pamphasa, n'kutsokomola. Shugayo ndiye pepani, kutsokomolako ndiye sindidzachitanso. Ndipo tinakhala, tinabereka, tinakalamba, palibe anafa nazo.

Sabata yotsatira analuzanso. Ulendo uno kamfupi kaja nako kanakhala patebulo, kakuti ndine. Wamtali uja akuti ayi, ndine. Kochi wawo, bambo wa dazi lowala, akuti asiyeni anawa, ndine. Kulimbirana mlandu ngati chiwindi cha mbuzi pa ukwati! Ine kuseka, ine kuwomba m'manja, ine kugubuduka pa mapilo. Koma kuseka kwangako kunali ndi kamunga m'kati.

Pakuti inenso ndinali ndi timu yanga, ndipo nayonso inali italuza.

Timu yanga ndi kwaya ya amayi ya kutchalitchi kwathu ku Hyattsville, kumene timapemphera masana eni nyumba ya Mulunguyo akatuluka. Ambiri mwa amayiwo ndi anamwino ndi osamalira okalamba, amabwera ku pulakatisi atavala za kuntchito, akuyasamula pakati pa vesi. Ine ndine woyambitsa nyimbo. Ndayambitsa nyimbo kumaliro, ndayambitsa kuukwati, ndayambitsa pamtondo ndi pachitsime kuyambira ndili namwali. Kulemba ndimalemba ngati nkhono ikuwoloka msewu, koma nyimbo, aa, nyimbo ndimaidzutsa ngakhale itagona chafufumimba.

M'kwayamo muli anzanga, amayi a ku Chipata amene anakhalitsa ku Lusaka. Ndi msinkhu wanga, mwina ndimawaposa ndi mvula ziwiri. Ndi iwo amene amakwera pamwamba pa nyimbo, kumene enafe sitifikako, mawu awo owonda, owala ngati singano. Ndi iwonso ali ndi galimoto. Lachinayi lililonse ankaliza hutala pansi pa nyumba, ine n'kutsika, n'kupita kusitolo ya anthu a ku Ghana kukafinya therere, kukanunkhiza nsomba zouma, kukanyoza chigwada cha m'firiji kenako n'kuchigula. M'dziko lino anthu oseka nawo alipo ambiri. Koma munthu woti ukati "chaka cha njala chija" iye n'kungoti "mm," osafunsa kuti chiti, ndinali naye mmodzi yekha.

Ndiye kunabwera mpikisano wa makwaya a mipingo ya anthu a ku Africa, m'holo ina ku Greenbelt. A ku Ghana anabwera ndi nsalu zawo zolemera, a ku Nigeria ndi maduku ofika kudenga, a ku Kameruni ndi ng'oma. Ife tinasoka zitenje zofanana, zobiriwira. Nyimbo yathu tinaiphunzira mpaka ana kunyumba anayamba kuilota. Amayi abusa, amene amatiimbira kiyibodi, anandichenjeza kangapo konse.

"Agogo, ndikakupatsani liwu, mutenge lomwelo. Muja muli zokuzira mawu. Simukukaitana anthu a kutsidya kwa dambo."

Ananena choncho chifukwa amandidziwa. Kwathu nyimbo timaiyambira pamwamba. Umaiponya kutali, kuti a kutsidya kwa mtsinje amve kuti kuno kwagwa zovuta kapena kwafika mkwatibwi. Palibe amakupatsa liwu. Liwu umalitenga m'chifuwa mwako, ndipo chifuwa chikakondwa chimakwera.

Tsiku limenelo chifuwa changa chinakondwa. Ndinaona holo yodzaza, ndinaona maduku aja, wina kumbuyo anaimba nthungululu tisanatsegule n'komwe pakamwa. Amayi abusa anadina liwu lawo, tii, pansi apa. Ine ndinalimva. Ndisaname, ndinalimva bwinobwino. Koma ndinalidumpha ngati chithaphwi, n'kukaigwira nyimbo kumwamba uko kumene mbalame zimatembenukira.

Amayi a kwaya ananditsatira, nanga akanatani? Kiyibodi inatifunafuna, inatisowa, inakhala chete. Vesi loyamba tinalidutsa titaima ndi zala za kumapazi, mitsempha ya m'khosi ili panja. Kenako panafika pamalo paja pamene anzanga a ku Chipata amakwera okha. Ine ndinali nditawaikira makwerero padenga. Anakoka mpweya, anakwera, anakwera, mawu n'kungoti thyoo, ngati katambala kophunzira kulira. Anayesanso. Thyoo. Holo yonse zii. Wina anaseka kumbuyo, ndipo akuluakulu oweruza mpikisano anabisa nkhope m'mapepala.

Tinakhala omaliza. Ngakhale kakwaya ka anthu asanu, kamene kanaiwala vesi n'kumangong'ung'udza, kanatiposa.

Pobwerera, m'kabasi ka tchalitchi munali chete wa kumanda. Chete ameneyo anandiyabwa. Ndinamva ngati maso onse ali pamsana panga, ndiye pakamwa panga panathamanga kukanditchinjiriza.

"Aa, nanga titani," ndinatero mokweza, ngati nthabwala. "Ukalamba sugogoda. Mawu ena anatsalira ku Lusaka. Komanso madzi ozizira a m'firiji awa, ndimanena ine."

Awiri atatu anaseka, kuseka kwa manyazi. Anzanga sanatembenuke. Anangoyang'ana pawindo mpaka ku Hyattsville.

Lachinayi hutala sinalire. Lachinayi linalo, zii. Ku pulakatisi mpando wawo unakhala wopanda munthu. Kutchalitchi ankabwera, n'kukhala kumbuyo, n'kutuluka dalitso lisanathe. Ndikaimba foni ankayankha mawu awiri, "Nili bwino," basi, foni thi. Ine kukhala pawindo Lachinayi lonse ngati mphaka, kuwerenga magalimoto a eni.

Tsono ndinachita zomwe munthu woleredwa amachita. Kwathu wamkulu saimirira pagulu n'kumati ndalakwa. Amatumiza nkhuku. Amapeza munthu wapakati, n'kumupatsa nkhuku yamoyo yomanga miyendo, iye n'kukaitula pakhomo. Ikalandiridwa, nkhani yatha. Palibe wotchula chomwe chinachitika, nonse awiri mumasunga nkhope zanu zosang'ambika. Koma ku Lanham nkhuku yamoyo uipeza kuti? Ndinafunsa apongozi. Anati zili kutali ku mafamu, ndipo eni nyumba salola cha nthenga kukwera masitepe. Ndiye tinagula yootcha kale ya m'sitolo, ija imakhala m'kachipewa ka pulasitiki ikutuluka thukuta. Ndinaikulunga m'chitenje chatsopano, ndinamanga mfundo yaulemu. Wapakati wanga anali apongozi omwewo, nanga si ndiwo anali ndi galimoto.

Anabwerako ndi chitenje chopinda bwino, ndi nkhope ya munthu amene akulimbana ndi chiseko.

"Alandira?"

"Alandira, amayi."

"Adya?"

"Adya. Anandigawirako ntchafu."

"Ndiye yatha!" Mapewa anga anali atayamba kale kuvina.

"Koma apereka uthenga." Anayang'ana kudenga, pakuti mkamwini sayang'ana apongozi ake m'maso, makamaka akanyamula mawu otentha. "Akuti nkhuku yakoma, zikomo kwambiri. Koma akuti yabwera yopanda mutu, ndiye sinathe kunena chomwe yadzera. Akutinso iwo anasekedwa pamaso pa anthu, osati m'khitchini."

Ha! Ine khu, pampando.

"Anthu a ku Zambia awa," ndinatero. "Nkhuku adya, mlandu abweza."

"Ee, amayi."

"Musangoti ee. Nkhuku ndi nkhuku, ya mutu kapena yopanda mutu."

"Ee, amayi."

Ee wa mkamwini ndi chitseko, sudziwa chomwe chili kuseri kwake.

Lachisanu amayi abusa anandiimbira foni. Anati anzanga apempha mpata Lamulungu likubweralo kuti atsanzike mpingo. Apeza tchalitchi cha anthu a kwawo, kutali, kutsidya kwa mtsinje ku Virginia. Ine ndinati oo, ayende bwino, misewu ndi ya boma. Nditaika foni ndinakalowa m'bafa, ndinatsegula mpopi kuti madzi azisokosa, ndinalira ngati mwana wosiyidwa pachigayo.

Loweruka m'mawa ndinakhala kumapeto kwanga kwa mpando, thupi lili pa mpira, mtima uli pa Lamulungu. Timu ya apongozi inaluza mwa chizolowezi chake, koma ulendo uno inaluza mopweteka. Kutatsala kamphindi kuti mpira uthe, wamtali uja anaponyera kamfupi kaja mpira wokwera kwambiri. Kamfupi kanalumpha, kanatambasula manja mpaka zala kunjenjemera, mpira n'kukadutsa pamwamba, n'kukagwera pamiyendo ya oonerera. Bwalo lonse linakakuwiza, kolephera kugwira kaja.

Anamukhazika patebulo wamtali uja, thaulo m'khosi. Ananena mawu ake afupiafupi, n'kumwa madzi.

"Akuti chiyani?"

Apongozi anaimitsa kanema, mnyamatayo n'kuuma pomwepo botolo lili pakamwa. Anakonza kukhosi.

"Akuti musamunene mnzangayo. Mpira ndinauponya pamwamba ndine."

"Mm."

"Akuti kochi anandiuza kuti ndiponye pansi, ndipo ndinamva bwinobwino, koma chifuwa changa chinakondwa nditaona anthu."

"Mm?"

"Akuti choipa kwambiri n'chakuti pobwerera m'basi ndinanena kuti manja a mnzanga akalamba. Akuti ndinatchulanso madzi a m'firiji."

Ndinatembenuka. Kwa nthawi yoyamba chikwatirire mwana wanga, ndinawayang'ana apongozi anga pankhope. Iwo maso ali pa kanema, gwa, ngati msilikali pa pelete, koma tsaya likunjenjemera.

"Apongozi."

"Wawa, amayi."

"Mnyamatayu wayankhula mawu angati?"

"Chizungu n'chachifupi, amayi. Chichewa chake ndiye chimatalika."

"Basi yakeyo wakwera nthawi yanji, munthu thukuta lisanaume?"

"Mwina ndi ya sabata yatha."

"Kodi ameneyu amaimbanso kwaya ku Hyattsville?"

"Sindingadziwe, amayi. Anyamatawa ali ndi maluso ambiri."

Ndinafuna kukwiya, Mulungu ndi mboni, ndinakoka mpweya wokwiyira. Koma chiseko chinatulukira m'mphuno. Tinaseka awiri, iwo akuyang'ana khoma lawo, ine khoma langa, mapilo akugwedezeka pakati. Taonani nzeru za mkamwini! Kundidzudzula sangathe, mwambo sulola. Ndiye anakabwereka pakamwa pa mwana wa eni, wamtali ngati mlongoti, amene sadziwa n'komwe kuti ku Lanham kuli nkhalamba youma mutu.

Chiseko chitatha ndinafunsa chomwe chinkandiopsa kwenikweni.

"Akanena choncho pagulu, anzake samupeputsa? Mawa akati tiyeni, amumveranso?"

Apongozi anangoyendetsa kanema. Mnyamata uja anameza madzi ake, anadzuka patebulo. Pakhomo panali kamfupi kaja, kakumudikira. Kanamumenya kambama pamsana, pamene dzanja lake linafika, iye n'kukakolowekera mkono m'khosi, n'kumapita limodzi ngati mtondo ndi munsi.

"Ndiye mwaona, amayi."

"Awanso ndi mawu a mnyamatayo?"

"Awa ndi anga."

Lamulungu ndinavala chitenje chobiriwira chija, chomwe ndinalumbira kuti sindidzachivalanso. Ndinatenga kathaulo koyera ka m'bafa ndi botolo la madzi. Mwana wanga anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Amayi, thaulo la chiyani kutchalitchi?"

"Iwe yendetsa galimoto."

Apongozi, amene Lamulungu amagona mpaka madzulo, tsiku limenelo anali atavala kale taye.

Nthawi ya zolengeza itafika, abusa anati pali mayi wina amene ali ndi mawu. Ndinaona kumbuyo anzanga akutola chikwama kuti aimirire. Maondo anga awa, amene amakangana ndi masitepe tsiku ndi tsiku, pamenepo anathamanga. Ndinafika kutsogolo iwo asanawongoke n'komwe. Abusa anadabwa, koma munthu wa imvi sumulanda chokuzira mawu.

Ndinakoka mpando, ndinakhala kuseri kwa katebulo ka maluwa, thaulo m'khosi, botolo patsogolo. Abambo oonera mpira anazindikira msanga, chiseko chinayamba kuyenda m'mabenchi. Ine ndinatsegula pakamwa. Abale inu, mawu aja oti ndalakwa ndi afupi, koma ndi olemera ngati mwala wa mphero. Anafika pakhosi n'kukhala pansi. Ndinamwa madzi. Ndinayesanso. Anakana. Ndinaganiza za mnyamata uja, mwana wa dzulodzuloli, amene amanena zimenezi kawiri pa sabata dziko lonse likuonera, ine mayi wa ana ndi zidzukulu ndikulephera kamodzi kokha.

Ndiye ndinachita chomwe ndimadziwa. Ndinawaimba.

"Ndine, ndine, amayi inu, ndine,
nyimbo ndinaiyambira pamwamba ndine.
Liwu anandipatsa, ndinalimva, ndinalidumpha,
makwerero padenga ndinaika ndine."

Ndinadzigunda pachifuwa kawiri, monga amachitira mwana wa eni uja. Amayi a kwaya, anthu opanda chisoni, sanadikire kuitanidwa. Anavomera pomwepo, "Ndinu, ndinu, agogo, ndinu!" ena pansi, ena pakati, mokoma kuposa mmene tinaimbira ku Greenbelt. Tchalitchi chonse chinagwa ndi chiseko. Ine mumtima ndinati yatha bwino, ndadutsa osanyowa. Ndinagwira tebulo kuti ndidzuke.

Kumbuyo dzanja linakwera.

"Nili na funso."

Anali anzanga. Anaimirira, chikwama m'khwapa, nkhope ya mtolankhani weniweni, yosaseka.

"Funsani," ndinatero, mawu atachepa.

"Munaziba liti kuti mwayambira pamwamba?"

"Pa liwu loyamba."

"Osati mawa lake? Osati pamene nkhuku inabwera?"

"Pa liwu loyamba, anzanga."

"Manje mu basi munakamba chani? Kambani bwino, ena sanamve."

Apa ndiye panalibe nyimbo yobisalamo. Chiseko chija chinazima ngati nyali. Ndinavula thaulo lija n'kuliika patebulo, pakuti nthabwala inali itandiperekeza mpaka pamene ikanatha. Ndinaimirira ndi miyendo yanga.

"Ndinati mawu anu akalamba. Ndinanama. Ndinaopa kuti anthu andiloza chala, ndiye ndinathamangira kukulozani inu. Mawu anu alibe mlandu, madzi a m'firiji alibe mlandu, Lusaka alibe mlandu. Ndinakunyozani pamaso pa anthu, ndikupepesa pamaso pa anthu. Pepani. Musapite."

Musapite ameneyo sindinamukonzekere. Anangotuluka yekha, ndi misozi yake pambuyo.

Anzanga anandiyang'ana. Kenako anaika chikwama pabenchi.

"Abusa, nenze na mau, koma naiwala," anatero. "Amai abusa, tipaseni liwu. Tione ngati nkhalamba iyi ili na makutu."

Amayi abusa anadina, tii. Ine ndinapendeketsa mutu ngati nkhuku yomvetsera kabawi. Ndinalitola liwulo ndi manja awiri, pansi pomwe linali, osaonjezera ngakhale kadontho. Chifuwa chinati kwera, ine ndinati khala pansi. Tinayamba. Amayi a kwaya anadzuka m'mabenchi mmodzimmodzi, anzanga akubwera kuchokera kumbuyo akuimba, osafulumira, ngati mkwatibwi. Pamalo paja atafika anakoka mpweya, anakwera, anakwera, anafika, anakhazikika, n'kumayang'ana uku ndi uku ngati munthu amene wakwera padenga la nyumba yake yomwe. Nthungululu zake! Ngakhale mayi wachizungu amene anatsalira kuthirira maluwa anasuzumira pakhomo, chothirira chake chili m'manja. Apongozi anga ndinawaona ndi ngodya ya diso, akupukuta magalasi omwe sanade.

Titatuluka, anzanga anandikoka chitenje.

"Imwe, mukayambanso pamwamba, nizakusiyani kwamene uko, mukatsike mweka."

"Ndamva. Nanga nkhuku yanga ija?"

"Ija inali ya njala chabe. Ya lelo ndiye yabwera na mutu."

Timu ya apongozi ikuluzabe, musadandaule, sinasinthe khalidwe. Mnyamata wamtali uja akukhalabe patebulo n'kumadzigunda pachifuwa. Dzina lake lilime langa limalikana, ndiye popemphera ndimangoti, Ambuye, mwana wa thaulo uja, mumupatseko tsiku limodzi loti akhale patebulo alibe choti avomere. Apongozi akamandimasulira masiku ano ndimawerenga mawu a mnyamatayo ndi zala, kuti Chichewa chisatalike kuposa mwini wake.

Lachinayi lotsatira Lamulungu lija ndinakhala pawindo kuyambira m'mawa, duku lili kumutu, nsapato zili kumapazi, ndikunamizira kusankha nyemba. Hutala inalira. Inalira yaitali, yamwano, yodzutsa apongozi amene anali atangogona kumene. Inaliranso kachiwiri. Ine nyemba mbwee pansi, chikwama m'manja, masitepe ndikutsika ndikuimba, ndipo nyimboyo, ndisaname, ndinaiyambira pamwamba.